Mkono wa Nambala 41

Amayi anga ondibereka ndinawalemba ndine m'gulu la anthu opanda nkhawa. Palibe anandikakamiza. Cholembera chinali changa, dzanja linali langa, ndipo polembapo ndinkaseka.

Ndine namwino. Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito pa kafukufuku wofuna kudziwa zimene nkhawa imachita ku chitetezo cha m'thupi. Tinkaboola kabala pamkono wa munthu, kakang'ono ngati batani la malaya, n'kumakajambula sabata iliyonse mpaka katapola. Tinkatenganso magazi kuti tione kutupa kwa m'kati, kuja kosaoneka ndi maso, kumene thupi limayambitsa likamadziona ngati lili pankhondo. Magulu anali awiri. Loyamba linali la anthu odwazika abale awo matenda oiwalaiwala kunyumba. Lachiwiri linali la anzawo a msinkhu womwewo amene analibe wodwazika aliyense. Oyambawo ankabwera okha, ena kungofuna pokhala pansi kwa ola limodzi. Achiwiriwo ndiye anasowa. Munthu woti mtima uli m'malo angapereke mkono wake kuti uuboole chifukwa chiyani?

Pamenepo m'pamene ndinakumbukira amayi. Anapuma ntchito ya uphunzitsi kalekale, ana tonse tinakula n'kuchoka, bambo ali moyo, nyumba ndi yawoyawo. Ndinawaimbira foni, ndipo Lachitatu anatulukira atavala diresi lawo la maluwa, handibagi ili m'khwapa. Fomu inali ndi mafunso makumi awiri.

"Mwezi wathawu mwasowapo tulo kangati?"

"Ine? Ndikangoika mutu papilo, basi."

"Mumaona ngati zinthu zakukulirani?"

"Zondikulira ndi nsapato unandigulira zija."

Tinaseka mpaka namwino mnzanga anasuzumira pakhomo. Funso la khumi ndi chiwiri linkati, kodi muli ndi munthu amene mumamuuza za kukhosi? Limenelo sindinaliwerenge n'komwe. Ndinangochonga pa Inde n'kupitirira. Nanga si ine ndinalipo?

Adokotala otsogolera kafukufuku atamva kuti ndabweretsa mayi anga, anandiitanira mu ofesi. Anati wachibale sitimugwira tokha. Kuyambira tsiku limenelo amayi ankaonedwa ndi mnzanga uja, ndipo anawapatsa nambala imene ine sindinauzidwe. Koma fomu ija palibe anaibwereza. Inalowa m'faelo monga momwe ndinailembera.

Lachitatu lililonse amayi ankadutsa pakhomo la chipinda changa ali liwiro.

"Amayi, tiyi?"

"Ayi mwana wanga, ndathamanga."

"Kuthamanga kotani? Mwasiya khanda kunyumba?"

Ankaseka, dzanja lili pachifuwa pamene pankalendewera kachingwe kolowa m'diresi. Ndikafunsa za bambo ankati ali bwino, akukupatsa moni. Kwathuko ndinali ndisanapondeko miyezi isanu ndi itatu, ngakhale ndi ulendo wa mabasi awiri okha. Ndikaimba foni, bambo ankakhala ali kosamba kapena angotuluka kumene. Sizinkandidabwitsa, poti bambo ndi foni sankamwerana madzi.

Ntchito yanga tsopano inali yoyeza mabala pakompyuta. Zithunzi zinkabwera ndi manambala okhaokha, chilichonse chojambulidwa pafupi kwambiri moti sungadziwe kuti mkonowo ndi wa ndani. Mabala a gulu lopanda wodwala ankatseka msanga, a odwazika ankachedwa, ndipo adokotala ankayenda akuimba mluzu. Koma panali nambala 41, wa gulu lopanda nkhawa, amene bala lake linafika sabata yachisanu ndi chinayi likadali lofiira, m'mbali mwake motupa.

Tsiku lina bambo ena a ku labu yoyezera magazi, amene tinkawatchula kuti a Magalasi, anandipeza ndi pepala m'manja.

"Anamwino, 41 ameneyu mwamuika gulu lolakwika. Magazi ake akuyaka moto kuposa odwazika onse. Paja amati mutu umodzi susenza denga, koma uyu wasenza ndi zipupa zomwe."

"Anthu ena bodza," ndinatero ine. "Munthu wamkulumkulu kunama pafomu, kutionongera ntchito."

Ndinakwiya zenizeni. Ndinamunyoza munthu ameneyo tsiku lonse, mpaka pa nthawi ya nkhomaliro.

Chithunzi cha sabata yakhumi mnzanga anachijambulira patali pang'ono, kaya dzanja linamuterera. Ndinachitsegula cha m'ma teni m'mawa. M'munsi mwa bala lija munali chipsera chakale chosongoka, cha nsonga ya ayironi. Ndinkachidziwa chipsera chimenecho. Ndinachipanga ndine ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi, pamene ndinakoka chingwe amayi akusita yunifomu yanga.

Sindinatsanzike aliyense. Ndinatenga chikwama n'kukakwera basi.

Ndinafika dzuwa lili paliwombo. Pachingwe panali mashiti a pabedi anayi, ndipo amayi anali atawerama pabeseni akuchapa lachisanu. Atandiona anaimirira manja akudontha thovu. Ndinawadutsa n'kulowa m'nyumba.

Pachitseko chilichonse panamatidwa pepala lolembedwa ndi dzanja la mphunzitsi, zilembo zikuluzikulu zooneka bwino: CHIMBUDZI, KHITCHINI, KUCHIPINDA KWANU. Mabatani a kuka yophikira anali atazulidwa onse. Galasi lalikulu la pabalaza linali lophimbidwa ndi nsalu ya patebulo. Bambo anali pampando wawo atamanga tayi, chikwama cha kuntchito chili pamiyendo, chonsecho ntchitoyo anapuma zaka khumi ndi ziwiri zapitazo. Atandiona anaimirira mwaulemu, monga momwe ankachitira ndi alendo.

"Takulandirani, mayi. Mwabwera kudzaona ndani?"

Bambo amene anandiphunzitsa kukwera njinga, amene analira tsiku limene ndinavala yunifomu yoyera koyamba. Mtima wanga unasweka pomwepo, ndipo mpaka lero sunabwerere m'malo. Ndinangoti ndabwera kudzaona amayi a m'nyumba muno. Anati khalani pansi, abwera posachedwa, ndi munthu wabwino kwambiri.

Amayi anandikokera kukhitchini.

"Zinayamba liti?"

"Chaka chino n'chachiwiri."

"Mukamabwera kuchipatala mumawasiya ndi ndani?"

Anakoka kachingwe kaja m'diresi. Kumapeto kwake kunali kiyi wa chitseko cha kumaso.

"Ndimawatsekera. Akatuluka sadziwa njira yobwerera. Ndiye ndikakhala pa benchi yanu ija, mtima umakhala uli kuno."

"Amayi, osandiuza bwanji? Ine ndine namwino."

"Bambo ako atayamba kudzizindikira anandilumbiritsa kuti ana asadzandione chonchi. Lonjezolo eni ake analiiwala, latsala ndi ine." Anapukuta manja pa epuloni. "Komanso tsiku lija unali wosangalala. Unati ukusowa anthu opanda nkhawa. Ndinati mwana wanga ndimuthandize ntchito."

Safunsa anadya phula. Ine ndinali ndi mafunso makumi awiri olembedwa kale papepala, ndipo phulalo ndinalidyabe.

Ndinawakhazika pampando n'kumatula pulasitala, imene inali itanyowa ndi madzi ochapira. Bala linali momwemuja, lofiira, lotentha ndikaligwira. Ndinalitsuka pang'onopang'ono. Mkonowo unali utaonda moti zala zanga zinkakumana. Milungu khumi ndinali ndikuuyeza pakompyuta mpaka kachigawo ka milimita, osaona kuti waonda.

Bambo anatulukira pakhomo la khitchini, chikwama chili m'manja. Anayang'ana mmene ndinkamangira bandeji, n'kugwedeza mutu mokhutira.

"Anamwinowa ali ndi dzanja labwino. Ndi mwana wa ndani?"

"Ndi wathu," anatero amayi. "Kakhaleni pansi, basi yanu sinafike."

Anabwerera kumpando wawo.

M'chikwama mwanga munali mafomu osalemba. Ndinatulutsa imodzi n'kuiyala patebulo. Ndinkadziwa kuti kafukufuku sangaigwiritsenso ntchito, poti nambala 41 ankayenera kuchotsedwa m'magulu onse awiri. Koma ndinkafuna kufunsa funso limene ndinalidumpha lija.

"Amayi, kodi muli ndi munthu amene mumamuuza za kukhosi?"

Anasisita bandeji ija ndi chala, kenaka anayang'ana kupabalaza, kumene bambo ankakonza tayi yawo akudikira basi.

"Ndinali naye," anatero. "Ndi awo akufunsa kuti ndiwe mwana wa ndani."