Chikole cha Mfumu Resad

Mthenga wa Aangilo, adani athu, anafika pa linga lathu m'mawa, mvula ikuwaza. Mowa wa uchi umene anampatsa sanaulawe n'komwe. Anangoima pamaso pa bambo anga, Mfumu Resad, n'kutula zimene anamtuma.

"Mfumu yathu ikufuna mwana wanu wamwamuna akakhale kwathu ngati chikole. Mukakana, tibwera ndi moto."

Akuluakulu anayang'anana, ena akubisa kuseka m'ndevu. Mlendoyo sankadziwa kuti kwa ife Apikiti ufumu umatsata mimba ya mlongo wa mfumu. Wodzalowa anali Uoret, mwana wa azakhali anga. Ine Forcus, mwana weniweni wa mfumuyo, ndinali woweta akavalo basi.

Taran, nduna ya diso limodzi, analankhula m'chinenero chathu kuti mlendo asamve.

"Mfumu, chitsiruchi chasiya tirigu, chapempha mankhusu. Mpatseni msanga chisanadzidzimuke!"

Bwalo lonse linaseka. Zinandiwawa, sindinama. Koma Taran sankalakwa: kundipereka ine kukanapulumutsa midzi, dziko osataya kanthu. Komanso chibadwire bambo anali asanandiitanepo pa bwalo, ndiye ndikanayembekezanji? Ndinayamba kumasula lamba wa lupanga.

"Forcus, ukutani?" anafunsa bambo.

"Ndipite, bambo. Anthu apume."

"Manga lambayo."

Bambo anaimirira, n'kulankhula ndi mthengayo m'chinenero chake, pang'onopang'ono, ngati akuphunzitsa kamwana.

"Mfumu yako yasochera. Uyu sadzalowa ufumu wanga, mukanamtenga mukanagwira mphepo. Wodzalowa ndi uyo wakhala apoyo, mwana wa mlongo wanga. Ndakuuza ndekha, usadzati Resad ananamiza munthu."

Kuseka konse kunatha. Mthengayo anacheukira Uoret, maso ali gwa.

"Ndiye tipatseni ameneyo."

"Ameneyo simumtenga, ndi wa dziko. Uyunso simumtenga, ndi wanga. Chitseko ndi icho."

Mlendo atatuluka, Taran anamenya ndodo pansi, thovu lili kukamwa.

"Mwaulula za mwana wa mlongo wanu! Mwatiitanira nkhondo chifukwa cha munthu wonunkha ndowe za akavalo?"

Bambo anandiyang'ana, nthawi yaitali ndithu, mpaka ine ndinazolika.

"Eya, chifukwa cha iyeyo," anatero. "Kanoleni mikondo."