Kutsitsa Kwanu Kapena Kwanga?

Mafakitale athu ndi awiri koma ubongo wake ndi umodzi. Kwathu timathira zakumwa m'mabotolo, ndipo kuseri kwa khoma amaumba mabotolowo ndi galasi losungunula. Makina a mbali zonse amamvera kabokosi kamodzi kotuwa kokhala m'kabati, pakatikati pa masitepe olumikiza nyumba ziwirizi. Dzina lake ndi kontirola, koma ife timangoti Ubongo. Amene anaganiza zotigawira kabokosi kamodzi sindikumudziwa, ndipo masiku ena ndinkalakalaka titakumana pawiri.

Ine ndine injiniya wa mbali yothira. Chipinda changa chili pamwamba pa masitepewo. Injiniya wa mbali ya magalasi ndi mwamuna wa mkulu wanga, ndipo chipinda chawo chili pansi penipeni, kufupi ndi ng'anjo. Aliyense ali ndi kompyuta yake ndi theka lake la pulogalamu, ndipo za mnzako sugwira. Wofuna kulemba kanthu mu Ubongo amayamba wavala chisoti chachikasu chimene chimapachikidwa pa msomali pambali pa kabati. Ukapeza msomali uli wokha, manja m'thumba, mnzako ali m'kati.

Alamu angawo amanditcha a Thovu, ine ndimawatcha a Makala. Kunyumba kwawo amakonda kunena kuti ntchito yanga ndi yotsekera zivindikiro basi, yawo ndi yolera moto. Ndinkawaseka, poti ng'anjo yawoyo ndinali ndisanaionepo. Ndinkangodziwa zimene aliyense amadziwa: siizima chaka ndi chaka, ndipo ikazizira galasi limauma m'kati ngati mwala. Zikatero amagumula ng'anjo yonse, anthu n'kukhala pakhomo miyezi.

Tsiku lina masana, ndikumwa tiyi, foni inalira.

"Alamu, muli pa kompyuta?"

Sananditche a Thovu. Ndinaika kapu pansi.

"Ndili pomwepo. Kwagwanji?"

"Paipi yamadzi yaphulika m'chipinda mwanga. Kompyuta yamwa madzi, yafa. Waya wa choyezera kutentha wanyowanso, ndiye chikunamiza Ubongo kuti ng'anjo yatentha kwambiri. Ubongo ukuchepetsa moto. Ng'anjo ikuzizira, alamu."

Kumbuyo kwa mawu awo ndinkamva anthu akuthamanga m'madzi.

"Nditani?"

"Lowani mbali yanga. Muuuze Ubongo usiye choyezera choyamba, umvere chachiwiri."

"Chisoti chili kuti?"

"Chili kumutu kwanga, koma tingoti ndakuvekani. Fulumirani. Koma musanagwire chilichonse, tsitsani kaye."

Mu kompyuta yanga munali kope la pulogalamu yonse, la mbali zonse ziwiri. Ndinalitsegula, n'kupititsa dzanja pa batani limene ndimadina pafupifupi tsiku lililonse. Kwathu kuno, kutsitsa ndi kutumiza pulogalamu kuchokera mu kompyuta kupita mu Ubongo. Nanga si ife tili pamwamba, Ubongo uli pansi pathu? Chala chinali chitakhudza kale.

Chinandiimitsa ndi chizolowezi chotsutsana nawo. Munthu amene sandilola ngakhale kusintha tchanelo pa wailesi yakanema kunyumba kwake, lero akuti nditsanulire mu Ubongo kope langa, limene theka lake la magalasi ndi lakalekale, ng'anjo isanakonzedwenso? Akuti ndiimitse makina onse kuti pulogalamu yakale ilowe? A Makala ake ati?

"Alamu," ndinatero, "kutsitsa kwanu kapena kwanga?"

"Kutsitsa kulinso kwa munthu? Tengani zimene zili mu Ubongo zibwere mu kompyuta."

"Kumeneko kuno timati kukweza."

Alamu anapuma mpweya wautali womveka pa foni. Iwo amakhala pansi, Ubongo uli pamwamba pawo, ndiye chochokera mu Ubongo kwa iwo chimatsika. Zaka zonsezi timadyera m'mbale imodzi, mawu amodzi tikuwagwiritsa ntchito chozondoka, osadziwa.

"Musadine," anatero motsitsa mawu.

"Sindinadine."

Ndinakoka zimene zinali mu Ubongo, theka lawo n'kutseguka pamaso panga koyamba. Ndinkayembekezera chipwirikiti ngati cha m'galimoto mwawo. Ayi ndithu. Mzere uliwonse unali pamalo pake. Ndinaona mmene moto umayakira mbali imodzi kwa kanthawi, n'kuzima, n'kuyakira mbali inayo, mpweya nawo n'kutembenuka. Ndinaonanso malo amene makina awo amamvetsera lamba wanga wa mabotolo: ine ndikaima, iwo amachepetsa liwiro mwakachetechete kuti mabotolo asaunjikane pakhoma. Sanandiuzepo zimenezo. Ndinachita nawo mantha aulemu, munthu yemweyu amene amagona pa sofa pakamwa pali yasa.

"Mwaupeza mzere wa zoyezera?"

"Ndaupeza."

"Sinthani umenewo wokha. Wokha, alamu."

Ndinasintha, n'kutumiza mzere umodziwo makina ali m'kati moyenda. Nambala ya kutentha inagwa n'kunena zoona, ndipo zoonazo zinali zoopsa. Kenako pansi pa mapazi anga panamveka kulira kwakuya kumene ndinkakumva tsiku lililonse osakulabadira. Moto unali utadzuka. Nambala inaima, inakayikakayika, n'kuyamba kukwera.

"Tsikani kuno," anatero. "Kutsika kwenikweni, ndi miyendo."

Ndinadutsa kabati ya Ubongo, timagetsi take tikuphethira ngati palibe chachitika. Pansi ndinawapeza atanyowa mpaka m'mawondo. Anandiveka jekete lolemera, n'kunditsogolera kumbali kwa ng'anjo, kumene kutentha kumakukankha pachifuwa ngati dzanja. Anatsegula kazenera kakang'ono n'kundipatsa galasi lakuda.

"Suzumirani."

M'kati munali dziwe lalikulu ngati chipinda chochezera, loyera mbee, lowala lokha. Pamwamba pake lawi lalitali linkadutsa kuchokera khoma lina kufika lina. Mchenga unkalowa pakona uli milumilu, n'kumasungunuka pang'onopang'ono mpaka osaonekanso. Ndikuyang'ana choncho lawi linazima, dziwe linatsala likuwala phee, kenako moto unabuka mbali inayo, monga momwe ndinawerengera m'mizere ija. Ndinaiwala kutentha, ndinaiwala kuti ndili pantchito. Sindinaonepo chinthu chokongola ndi choopsa chotero, ndipo chonsecho chinkamvera kabokosi ka pamasitepe, kabokosi kamene kankamvera chala changa.

Ndinabwerera m'mbuyo n'kuyang'ana chala chimenecho, chomwe chinakhudza batani lija.

Alamu anaona, koma sanaseke. Anavula chisoti chachikasu, madzi akudontha, n'kundiveka kumutu.

"A Thovu," anatero, "mukanandimvera lero, bwenzi mutapha zonsezi."