Phala la a Overton

Keziya anali pakati pa munda wa tiyi, dengu lili kumsana, pamene mnansi wake Sellah anatulukira akuthamanga.

"Siya zimenezo! Tamando mimba yatupa, akungolira!"

Keziya anataya dengu osatsanzika n'komwe kwa kapitawo. Mwana wakeyo, wa chaka chimodzi, ankamusiya m'mawa uliwonse ndi agogo ake, a Overton, bambo a Keziya, amene anabwera kuchokera ku Khonjeni atayamba kudwala shuga. Kuchipatala anawaletsa ufa woyera, ndiye Keziya ankawaphikira phala lawolawo la mgaiwa wothira gaga.

Anawapeza pakhonde atanyamula mwanayo. Mimba ya Tamando inali gwa ngati ng'oma. Ankapinda timiyendo n'kukuwa, kenako n'kungoti zii. Kukhala chete kumeneko ndiye kunamuumitsa thupi Keziya.

"Ababa, wadya chiyani?"

Keziya sanadikire yankho, anangowalanda mwanayo.

Anakwera kabaza, mwana ali pachifuwa. Njira yonse ankaika khutu pakamwa pake kuti amve ngati akupuma. Chaka chatha mwana wa m'nyumba yoyandikana nayo anapita chonchi, mimba yotupa, ndipo mayi ake anabwerako ndi nsalu yokha.

"Achimwene, thamangani chonde!" anauza wakabazayo.

Pachipatala cha esiteti namwino, mayi Mildred, anadina kamimbako, nafunsa ngati mwanayo wasanza kapena watentha thupi. Ayi. Ali mkati mofunsa, a Overton analowa akupuma mwawefuwefu. Anali atatsatira wapansi.

"Ndine ndamupha," anatero. "Phala langa lija ndimadya naye. Kuchipatala anati limapatsa moyo, ndiye ndimafuna nayenso akule ndi mphamvu."

"Sanafe ayi, agogo," anayankha namwino. "Mgaiwa si woipa. Koma gaga wochuluka chonchi ndi wa mimba ya munthu wamkulu. Mwana amangodzaza, mpweya n'kumamuvutitsa. Phala lake lizikhala la ufa wosefa, lothira nsinjiro."

Anawauza kuti adikire pabenchi kuti aone ngati kutupako kutsike. Keziya sanachotse dzanja pamimba pa mwanayo. Dzuwa litapendeka Tamando anachita chimbudzi, kenako anayamba kufunafuna bere.

Mawa lake Keziya akupita kuntchito, a Overton anakana kutsala ndi mdzukulu wawo. Anati manja awo sakuwakhulupiriranso. Tamando anakatsala kwa Sellah mpaka sabata inatha.