Kuflasha

Lodwick anabwerera ku Salima mu 2003, patatha zaka makumi awiri ndi zitatu chithawire boma la chipani chimodzi. Anapeza mitengo ya mango ya kusukulu kwawo atadula, ndipo anthu amene ankanong'ona kale tsopano ankakuwa, koma zonena zake zinali zomwezo. Ku Mangalande anabwerako ndi sutikesi imodzi ndi foni yotseguka ngati buku, ya timabatani ta zilembo m'kati, yokwana m'thumba la malaya.

Mlongo wake Phyllis ankaphunzitsa ku Lifuwu. Ndiye amene anadwazika bambo awo mpaka kuwaika m'manda, Lodwick akungotumiza makalata. M'chaka chawo chomaliza bambowo ankamuuza mbiri ya moyo wawo, iye n'kumalemba pa laputopu yakale imene anamusiyira namwino wina wachizungu. Koma kalata imodzi anailemba okha, ndi chala chimodzi, milungu itatu yathunthu. Anaitcha "Kwa Lodi", ndipo anamulumbiritsa Phyllis kuti asaitsegule.

"Chimwala ichi nthawi yake inatha," anatero Lodwick atainyamula laputopuyo. "Zonse zili umu zikwana m'kanthu kangaka."

"Isiyeni, achimwene. Siidya kanthu."

Iye sanamve. Analumikiza waya, n'kusamutsira zonse m'foni. Kenako anafufuta laputopu ija bwinobwino n'kukaipereka ku komiti ya alimi a mpunga, alimiwo n'kumuombera m'manja. Kalata ija sanaitsegule. Tsiku lililonse ankaona dzina lake, n'kuuza mtima kuti mawa.

Vuto linali lakuti foniyo inakana simu khadi ya kuno. Inali yokhoma: inkamvera kampani imodzi yokha, ya ku Mangalande imene anaigulako. Phyllis anaseka mpaka kutsamira khomo.

"Ndiye kompyuta ya m'thumba imeneyi? Olo kuflasha siingathe."

"Kuflasha n'chiyani?"

"Kuno sitiimba, timaflasha. Umailiza kamodzi n'kudula. Amene ali ndi mayunitsi ndiye amaimba."

"Tinathawira ufulu wolankhula," anatero Lodwick, "inu mwaupeza, ndipo mukudula musanalankhule."

Komabe mawu oti kuflasha anawasunga. Chibwerere, anthu ankamuyankha m'Chingelezi iye akalankhula Chichewa, ndipo zinkamuwawa kuposa mmene ankaonetsera.

Loweruka m'mawa anakwera matola kupita pa boma. Pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika panali Mustapha, wokonza mafoni, ndi kompyuta yake yofunditsa chitenje kuopa fumbi. Anaitembenuza foniyo uku ndi uku, n'kuyesamo khadi.

"Iyi inakwatiwa kwawo, madala. Mwamuna wina siimufuna. Kuti ukwati uthe, pokhapokha ndiiflashe."

"Flashani."

Mustapha anamuyang'ana, kuyambira nsapato mpaka chipewa. "Kuflasha mukukudziwa, eti?"

"Ndinabadwira pa Lifuwu pompa, mphwanga. Usandiyese mzungu."

"Basi. Mubwere ikamakwana leveni, inshallah muipeza ikulira."

Lodwick anapita kukamwa tiyi, ali wokondwa kuti kwa nthawi yoyamba walankhula ngati munthu wa pano. Iye ankaganiza kuti Mustapha akungofuna kuiliza kamodzi kuti idzuke.

Atabwerera, foni inali italandira khadi. Timizere ta netiweki tinaima tonse tinayi. Anaitsegula, n'kupita pamene pankakhala zolemba. Panalibe kanthu. Anatseka, n'kutsegulanso. Inali mbee, ngati kope latsopano.

"Zolemba zanga zili kuti?"

"Si mwati ndiflashe? Kuflasha n'kutsuka zonse, n'kuikamo ubongo wina. Ndinakufunsani, madala."

"Kuflasha si kuliza kamodzi?"

"Uko n'kwa oimba. Kuno n'kwa okonza." Mustapha anasiya kumwetulira. "Munali zofunika?"

"Sizingabwerere?"

"Wallahi, ndikanatha ndikanakubwezerani. Kwina simunasunge?"

Lodwick anakumbukira alimi aja akuomba m'manja. Anakumbukiranso mmene anafufutira laputopu ija kawiri, mwaukatswiri, kuti pasatsale kalikonse ka banja lawo. Mbiri ya bambo mwina Phyllis angaikumbukire apa ndi apo, poti anailemba ndi iye. Koma kalata ija anaidziwa ndi munthu mmodzi yekha, ndipo anagona kumanda a mpingo ku Lifuwu. Kaya munali kumukhululukira, kaya munali kumufunsa chifukwa chake sanabwere chipani chija chitagwa, pamene ena onse ankabwerera, sadzadziwa. Milungu itatu ya chala chimodzi. Iye zinamukanika mphindi zisanu zoti awerenge.

Anakhala pa benchi ya Mustapha nthawi yaitali, foni ili m'manja. Kenako inalira, kamodzi kokha, n'kusiya. Inali nambala ya Phyllis.

"Akuflashani," anatero Mustapha motsitsa mawu. "Mwambo wake, oimba ndi inuyo."

Anaimba.

"Ee, yayamba kulankhula Chichewa tsopano?" anatero Phyllis akuseka. "Ndiye lero muwerenge kalata ya bambo, achimwene. Zaka zinayi ndakhala ndikuisunga osaisuzumira. Mundiuzeko olo mzere umodzi."

Lodwick akanatha kupeka mzerewo. Mabuku anawerenga ambiri, ndipo kalankhulidwe ka bambo ake ankakadziwa. Phyllis akanakhulupirira.

"Phyllis," anatero, "kalata ija palibe. Ndaifufutitsa ndine. Zonse zimene unalemba zapita."

Kumbali inayo ankangomva nkhuku, ndi wailesi ya anthu oyandikana nawo nyumba.

"Ndinakuuzani kuti siidya kanthu," anatero Phyllis pomaliza, mawu ali pansi. Sanadule. Lodwick nayenso sanadule. Anangogwirizira foni kukhutu, kudikira ngati mlongo wake anenenso kanthu.