Kanema Wamkulu wa Che Twalibu

Katoni yaitali ija inakana kulowa pakhomo choongoka, ndiye anachita kuipendeketsa. Zubairu anagwira kutsogolo, mlendo kumbuyo, ndipo amayi amene anakhala pamkeka anapinda miyendo kuti apereke njira. Linali tsiku lachinayi chiikire m'manda Che Twalibu, mkulu wake wa Zubairu. Anthu ambiri anali atabalalika. M'nyumba ya ku Nkaya munatsala achibale ochepa ndi akazi awiri a malemu: Zaina, mwini nyumbayo, ndi Fauziya, mkazi wamng'ono, amene anabwera kuchokera ku Nsanama.

Mlendoyo anabwereranso panja kawiri, nabwera ndi makatoni ena ang'onoang'ono. Kenaka ananjuta pafupi ndi chitseko.

"Pepani ndi zovutazi, amayi. Ine ndine Lyford, ndili ndi shopu ya zamagetsi pa Balaka. Katunduyu ndi wa bambo. Anagula mwezi watha, koma makina ake ndinachita kuitanitsa ku Limbe, afika dzana. Uthenga wa maliro ndaumva dzulo, ndiye ndinati iyayi, sindingasunge katundu wa munthu amene watisiya."

"Ndi katundu wanji?" anafunsa Zubairu.

"Kanema. Koma osati wagalasi uja. Uyu timati pulojekita, amaponya chithunzi pansalu, chachikulu ngati khoma lonseli."

Zaina anakoka mpango wake kutsogolo. Che Twalibu anali munthu wogawa zinthu pakati, mpaka kumatopetsa. Sabata ino ku Nkaya, yamawa ku Nsanama, njinga yamoto ili phethephethe pamsewu wa Liwonde. Akagula shuga, mapaketi awiri. Akagula chitenje, ziwiri zofanana maluwa. Tsiku la Idi ankaimirira pambali pa wosenda mbuzi kuti chiwindi chidulidwe ndendende. Anthu ankamutama kuti ndi wachilungamo, koma Zaina chilungamo chimenechi chinkamuwawa. Iyeyu anayamba naye akugulitsa nandolo wa m'mbale pasiteshoni, akugona m'kanyumba kodontha. Fauziya anabwera patapita zaka makumi awiri ndi zinayi, anapeza malata ali kale padenga, nkulandira theka lake lathunthu. Tsono lero panabwera chinthu chimodzi chokha, chosadulika ndi mpeni.

"Anati mukachiike kuti?" anafunsa Zaina, mawu ali pansi.

"Sananene, amayi. Anati makina akafika adzandiuza."

"Ndi cha ku Nsanama," anatero Fauziya, osakweza nkomwe mutu. "Anandiuza kuti agula chinthu chachikulu. Nanga kuno angaike kanema wotere? Ndi magetsi ati? A sola anuwa, otha anthu asanaswali Isha ya usiku?"

Nsanje inamugwira Zaina. Zinali zoona, ku Nsanama kunali magetsi a mawaya, kunalinso ana okonda mpira. Kunyumba kwa nkhalamba angagulireko kanema ndani? Koma naye anali ndi chake chomwe Fauziya analibe, ndipo mudzi wonse unkachidziwa.

Lolemba la sabata yomwe anamwalira, Che Twalibu anabwera kuchokera ku Balaka ndi mtolo wa nsalu yoyera, namupatsa Zaina m'manja. Anangoti, "Sungani bwino, isade. Ntchito yake mudzaiona." Lachinayi anagwa pakhonde atangomaliza kuswali Asiri ya madzulo, ndipo asanafike naye kuchipatala anali atapita. Maliro a Chisilamu sachedwa. Anthu atayamba kufunsana kuti athamangire kutauni kukagula sanda ndani, Zaina anatsegula sutikesi natulutsa nsalu ija. Amuna anaidula zidutswa zitatu, inakwana bwinobwino. Kumanda shehe anaima pa nkhani yomweyo: onani munthu wokonzeka, wagula yekha sanda yake adakali wamphamvu. Fauziya atamva kuti sandayo inasungitsidwa ku Nkaya, analira kulira kwina kosiyana ndi kwa maliro, ndipo Zaina anakumva bwino lomwe.

"Tengani kanema wanuyo, amake Sadiki," anatero Zaina tsopano. "Muzikaonera mpira. Ine anandisungitsa chovala chawo chomaliza. Anadziwa pomwe panali pawo."

Fauziya analuma mlomo. Zubairu anakhosomola, nanena kuti katundu yense wa malemu adzagawidwa ikapita sadaka ya masiku makumi anayi, ndiye makatoniwo angolowa kuchipinda osatsegula.

"Pamenepo mundikhululukire, bambo," anatero Lyford. "Makinawa ayenera kuyesedwa lero. Akapezeka ndi vuto sabata itatha, ku Limbe sawalandiranso. Ndingoyatsa pang'ono, muone kuti akugwira, ndizipita."

"Pamaliro pano? Anthu amva nyimbo atiyesa chiyani?"

"Masipika sindilumikiza. Ndili ndi kanema wa ku Maka, yemwe bambo ankaonera pashopu. Palibe chonyansa."

Zubairu anayang'ana alamu ake onse awiri. Palibe amene anakana, poti aliyense ankafuna kuona chinthu chomwe ankalimbiranacho. Lyford anang'amba katoni yaitali, natulutsa mapaipi opepuka, nayamba kuwalumikiza kukhala felemu. Atamanga ngodya yachinayi anapukuta manja pathalauza.

"Tsopano mundipatse nsalu ija."

"Nsalu iti?" anafunsa Zubairu.

"Yoponyerapo chithunzi. Yoyera, yokhuthala pang'ono. Tinakagula limodzi Lolemba lapitalo, yaitali ndithu, kuti telala adzailumikize ikwane pafelemupa. Anaimanga okha panjinga, anati akaisungitsa mpaka makina afike."

Mayi wina kukona anatseka pakamwa ndi mpango, mapewa akugwedezeka, ndipo sizinadziwike ngati akulira kapena akuseka. Zubairu anavula chipewa chake, nachivalanso.

"Subhanallah," anatero chapansipansi.

Lyford anayang'ana uku ndi uku. "Kapena ndalankhula molakwa?"

"Simunalakwe, achimwene," anayankha Fauziya. Anaseka kamodzi, kuseka kopanda chimwemwe. "Kungoti nsalu yanuyo ili kumanda. Amuna athu tawakulunga m'nsalu ya kanema, shehe nkutamanda, ife nkumalira kuti anadziwiratu."

Zaina anamva manyazi kuyambira kumapazi. Masiku anayi onsewa anayenda ndi nkhani ya sanda ngati mendulo. Aliyense wobwera kudzapepesa ankamuuza, mwina kawiri. Ndiye kuti mwamunayo sanasankhe kalikonse. Anangosungitsa katundu, monga ankasungitsira matumba a nandolo.

"Nsaluyo inali yoyera, yatsopano, yogula ndi thukuta lawo," anatero Zubairu. "Ndi sanda basi, palibe cholakwika. Nkhaniyi ithere m'nyumba muno. Komanso, alamu, ngati nsalu anaisiya kuno, mwina kanemayo ndi wa kuno."

"Iyayi, alamu, musandipusitse," anatero Fauziya. "Sabata imeneyo inali ya kuno. Munthu wachoka pa Balaka, akanapita nayo kuti? Akanakhala moyo, Lamlungu akanaimanga panjinga kubwera nayo ku Nsanama."

Zaina nayenso anaganiza zomwezo. Sanda yapita, kanema akupitanso. Anayamba kuwerenga mikanda ya tasibihi yomwe zala zake sizinkaimva.

Lyford, atazindikira zomwe wautsa, anafulumira kubisala m'ntchito yake. Anati popanda nsalu khoma lopaka laimu limagwira ntchito. Anachotsa kalendala ndi wotchi, napukuta kangaude. Felemu anaitsamiritsa pambali. Dzuwa la masana linali lowala kwambiri, ndiye amayi awiri anatseka mawindo ndi zitenje, Zubairu nakankha chitseko. Batire la sola analinyamula kuchokera kuchipinda. Makinawo anali aang'ono kusiyana ndi phokoso lomwe anabweretsa, ngati wailesi yakale yokhala ndi diso limodzi. Lyford anawaika patebulo, nalumikiza mawaya, nadina batani.

Pakhoma panaoneka kuwala kwa ngodya zinayi, kopendekera mbali imodzi. Anapinda kachidutswa ka katoni nakaika pansi pa mwendo wa tebulo, kuwalako kunawongoka. Kenaka anakokera tebulo m'mbuyo, chithunzi chikukula, anakokanso, mpaka chinadzaza khoma kuchokera pawindo kufika pachitseko cha kuchipinda. Anapotoza kamkombero ka padiso la makinawo pang'onopang'ono, ndipo zomwe zinali mitambo zinasanduka anthu.

Anali anthu ovala zoyera, miyandamiyanda, akuzungulira Kaaba, nyumba yopatulika ya ku Maka. Wina wandevu za imvi anadutsa pafupi, milomo ikuyenda, misozi ili patsaya.

Zaina anaiona misoziyo. Anagwira mkeka ndi manja onse awiri. Mvula ziwiri zinali zitadutsa chiyambire maso ake kuchita chifunga. Anthu ankawadziwira mawu ndi kayendedwe. Zithunzi za zidzukulu zomwe mwana wake Maryam ankatumiza pafoni ankangoziyamikira kuti zakula, osaona kanthu. Sanauze munthu, ngakhale Maryam yemweyo. Akanauza bwanji, kuti ku Nsanama akamve kuti mkazi wamkulu wayamba khungu? Koma apa ankaona nkhope, mphuno, mpaka zala za munthu.

"Chakulitsa," anatero Fauziya. "Pabalaza panga sichingakwane chimenechi. Tachepetsani tione."

"Chimachepa, amayi, mukangosendeza tebulo kutsogolo. Koma bambo sankafuna chaching'ono. Tinalimbana nawo tsiku lonse."

"Munalimbana chiyani?" anafunsa Zubairu.

"Poyamba ndinawaonetsa makanema agalasi, aakulu ndithu. Anakana onse. Ndiye ndinayatsa pulojekita yanga ya pashopu. Anatenga kajumbo koyera kamene timakulungira mawaya, anakapinda pawiri, nkukaika kumaso chonchi." Lyford anaphimba maso ake ndi zikhatho. "Anakaima kumbuyo kwa shopu, akuyang'anira m'kajumbomo. Amvekere, kulitsa. Ndikulitsa. Kulitsanso, nkhope sizikuoneka. Makasitomala ena mpaka anayamba kuseka, iwo osalabada."

"Zabodza izo," anatero Fauziya. "Maso awo anali akuthwa. Ankawerenga Kurani popanda magalasi."

"Nanenso ndinawafunsa ngati maso akuwavuta. Anati iyayi, anga ali bwino. Koma pali munthu wina amathira tiyi pambali pa kapu, nkumakalipira kapuyo kuti yasuntha. Anati munthuyo ndi wamakani, ukamufunsa akhoza kukusala sabata yathunthu, ndiye bola kungomukulitsira zinthu mwakachetechete. Dzina sananene."

Pakhoma anthu aja ankazungulirabe, opanda mawu, ndipo kamphepo ka m'makina kankamveka kokha. Zubairu anayang'ana pansi.

Fauziya anatembenuka pang'onopang'ono. Anamuyang'ana mkazi mnzake nthawi yaitali, monga sanamuyang'anepo zaka khumi ndi zinayi zonsezi.

"Amake Maryam. Chiyambire liti?"

"Mvula ziwiri."

"Munawauza?"

"Iyayi."

"Nanga anadziwa bwanji?"

Zaina anangopukusa mutu. Sabata ndi sabata ankamuthirira tiyi mwamunayo, nkupukuta tebulo msangamsanga, akukhulupirira kuti wabisa. Mwamunayo ankangomwa, nkuyamikira kuti shuga wakwana.

"Ine chaka chatha ndinatupa mwendo mwezi wathunthu," anatero Fauziya. "Ndinkatsimphina pamaso pawo. Mpaka ndinachita kuwauza ndekha kuti bambo, kodi simukuona? Ndikuchita nsanje, amake Maryam, sindibisa. Shuga ankatigawira mofanana, koma maso awo anali kuno."

"Amake Sadiki..."

"Ndisiyeni."

Lyford anafunsa chapansipansi ngati azimitse. Zubairu anatsegula pakamwa kuti avomere, koma Fauziya anali ataimirira kale. Anapita pa makatoni aja, nafufuza, natulutsa kajumbo komwe munali rimoti. Anabwerera kudzakhala pamkeka, phewa lake litagunda la Zaina. Anakapinda pawiri kajumboko, nakaika kumaso, nayang'ana kukhoma. Anakhala choncho kwa kanthawi, misozi ikutsikira pansi pa pulasitikiyo.

"Achimwene," anatero, osachotsa kajumboko, "tabwezani tebulolo m'mbuyo pang'ono. Nkhope sizikuonekabe bwino."