Dothi la Talant

Amene analanda tulo mwamuna wanga Jumabek ndi nduna yoona za ndende, ndipo sindikunong'ona. Inalankhula pa wailesi kuti ndende zadzaza, akaidi akugona mosinthana, ndiye boma likufuna kubwereka ndende kudziko lina n'kutumizako ana a eni ake ngati nkhosa zakumsika. Mwana wathu Talant ali m'ndende. Anathyola munthu nsagwada polimbirana msipu. Analakwa, sindikukana. Koma chimvereni wailesiyo, bambo ake ankangoyang'ana chakudya osachikhudza. Nyengo yachisanu isanathe, mtima wawo unaima.

Akundende anakana kumutulutsa Talant kuti adzaike bambo ake. Kwathu kuno mwamuna aliyense amaponya dothi lodzaza dzanja m'manda. Anaponya achibale, anaponya aneba, anaponya ngakhale uja ankatibera udzu wa ziweto. La mwana wawo mmodzi yekhayo silinagwemo.

Maliro atatha, anandikhazika m'tenti yaubweya, nkhope kukhoma, monga akhalira wamasiye. Ndinapirira mpaka ndinatopa. Ndinadzuka n'kumanga mpango.

"Ulendo wa kuti, alamu?" anafunsa Kubat, mng'ono wa malemu, mafuta a nyama ya hatchi akuwala pachibwano.

"Kundende. Ndikufuna dothi la pamanda, Talant akaligwire."

"Mwapenga? Wamasiye satuluka masiku makumi anayi asanakwane. Anthu atiyesa chiyani?"

"Atiyesa anthu amene tili ndi mwana. Masiku anuwo akamakwana mwina adzakhala atamukweza kale ndege. Ndidzamupeza kuti?"

"Aaa, inunso! Kunjako akuti aliyense ali ndi bedi lakelake, chimbudzi chamadzi. Mnyamata adzabwerako atanenepa."

"Nkhosanso imanenepa mpeni uli pafupi. Mwamaliza hatchi ya akulu anu, pukutani pakamwa mukanditapire dothi. Apo ayi ndipita ndekha kumandako, mudzi wonse uone mkazi akukanda manda chifukwa amuna a banja lino ali kalikiliki kutafuna."

Mpongozi wanga Bermet, mkazi wa Talant, anabisa nkhope mumpango. Mapewa ake ankagwedezeka, ndipo sikunali kulira. Kubat anatuluka akung'ung'udza. Anabwerako ndi dothi m'kansalu, maondo a buluku ali matope okhaokha. Anandipatsira ndi manja awiri, osandiyang'ana.

Basi inatitula ine ndi Bermet pachipata cha ndende. Msilikali anamasula kansaluko n'kuyamba kuvundula ndi supuni.

"Mayi, anzanu amabweretsa buledi."

"Buledi ali umo. Ilo ndi dothi la bambo wa munthu. Chotsamo supuni yakoyo."

Anaichotsa.

Talant anali ataonda, khosi ngati la botolo. Sanalire. Anati, "Amayi," basi, n'kuika dzanja lake m'dothimo, kulifumbata kwa nthawi, kulibweza. Ndinkati zatha, ndimange ndizipita. Koma iye anapisa dzanja m'malaya n'kutulutsa kathumba kakang'ono ngati dzira, kosokedwa mokhotakhota ndi ulusi wofiira.

Ulusiwo ndinauzindikira. Jumabek anandipempha singano tsiku lina, ati buluku lang'ambika. Munthu amene chikwatiraneni sanasokepo ngakhale batani! Ndinamuseka, iye n'kukadzitsekera m'khola.

"Bambo anandipatsa atabwera komaliza," anatero Talant. "Anatapa dothili pakhomo pa khola lathu. Ati, akakunyamula kupita kwa eni, usapite chimanjamanja, kwanu kukhale m'malaya."

Anadula ulusi ndi mano. Theka anathira m'kansalu kanga, theka anabwezera pachifuwa.

Madzulo a tsiku lomwelo Kubat anakakhuthula dothilo pamanda, kumutu. Sananene za bedi kapena chimbudzi chamadzi. Ine ndinabwerera kukhoma langa.

Tsopano inu amene mumati maganizo a ndunawa ndi anzeru, mverani kuno. Ine sukulu ndinalekera kupulayimale, koma basi ndimadziwa kukwera, ndipo kundende kuja basi imafika. Ndende ikadzaza, mangani ina kuno, kapena masulani amene mukuwasunga chifukwa choba mbuzi imodzi. Mwana wanga chilango chake agwire, sindikumupemphera chikhululuko. Koma nanenso ndakalamba. Ndikadzagona pafupi ndi Jumabek, mwanayo ali kuseri kwa mayiko atatu, ndani adzamutengere dothi langa? Nduna? Inuyo? Musaweramitse mutu. Ndiyankheni.