Geti Lodzitseka Lokha

Ndinapita kwa mwana wanga Lachisanu madzulo ndili ndi cholinga chimodzi, kukamutenga. Anali ndi pakati potopa, mimba yoyamba, ndipo mwamuna wake anali kutali ku ntchito yomanga milatho, woti abwera mwezi ukatha. Ine sindikanatha kukhala naye mpaka achire, chifukwa amuna anga, bambo ake, anadwala sitiroko chaka chatha, ndipo kuwasambitsa, kuwadyetsa ndi kuwatembenuza ndi ntchito yanga. Mlamu wanga anavomera kuwayang'anira mpaka Lamlungu basi, ndipo anachita kubwereza kuti Lolemba ali ndi zake. Ndiye nzeru yanga inali yoti mwanayo abwere kwathu, adzachirire pamaso panga.

Kwathu ndi kwa anthu. Ukayetsemula m'nyumba mwako, wa nyumba yachitatu amafunsa ngati wamwa mankhwala. Ine ndimagulitsa zovala pamsika, ndipo ndikaitanira malonda amandimva mpaka kwa owotcherera mageti. Mungamvetse tsono mmene ndinamvera takisi itanditsitsa mumsewu wa mwana wanga. Mipanda italiitali, mageti otseka, timitengo todulidwa mofanana ngati ana a sukulu ometedwa ndi munthu mmodzi. Kunali zii, moti ndinkamva nsapato zanga zomwe.

"Kodi kwagwa zovuta?" ndinamufunsa atanditsegulira.

"Ayi amayi, kuno ndi chonchi."

"Nanga anthu ali kuti?"

"M'nyumba zawo."

Nyumba yokha ndi yabwino, ndisaname. Khitchini yake ndi yaikulu kuposa balaza lathu, ndipo m'chipinda cha mwana wobwerayo anapakamo penti yachikasu, kabedi kali pakona, timalaya atatipinda kale m'kabati. Ndinagwiragwira makatani, ndinatsegula mpope wa madzi otentha kungoti ndione ngati ndi zoona. Mwana amene ndinkamugoneka pa mulu wa majekete pamsika ndi ameneyu? Ndinanyadira, koma mtima sunakhale pansi.

Loweruka lonse ndinakhala pakhonde, ndikusuzumira mumsewu kudzera pa mpata wa geti. Panadutsa bambo wina wachikulire ali ndi galu pachingwe. Anakweza dzanja, osatulutsa mawu, ngati mawu amagula. Mayi wa nyumba yoyandikana nayo anathirira maluwa ake n'kulowa. Kutali wina ankatchetcha kapinga ndi makina, nayenso anasiya msanga, mwina anachita manyazi. Palibe anabwera kudzapempha mchere, palibe mwana anaponyera mpira kumpanda kwathu.

Tikudya masana ndinalephera kupirira.

"Iwe, matenda akakuyamba uli wekha, ukuwa kuti akumve ndani?"

"Amayi, ndili ndi anthu kuno."

"Anthu ake ati? Mitengoyi?"

Anaseka, koma ine sizinandiseketse. Ndinamuuza kuti mutu umodzi susenza denga, kuti mimba yoyamba si yochita nayo masewera, kuti alongedze chikwama mawa tinyamukire limodzi. Iye anati chipatala chake chili pafupi, adokotala ake amamudziwa, ndipo pa nyumba yake sachoka. Kenako anangoyamba kutola mbale. Mwana ameneyu anatengera bambo ake, akakana sakweza mawu, koma sungamusunthe ngakhale ndi thirakitala. Ndinakwiya, ndipo pansi pa mkwiyowo panali mantha.

Lamlungu ndinadzuka m'mamawa monga mwa chizolowezi cha pamsika. Mwana wanga anali m'bafa. Ndinatenga tsache, ndinasesa pakhonde, ndinasesa pabwalo, kenako ndinaona masamba ali mbwee kunja kwa geti. Pakhomo pa mwana wanga pazioneka ngati pa munthu wopanda make? Ndinadina kabatani kamene ndinamuona akudina dzana, geti linatseguka bwinobwino, ndipo ndinatuluka.

Chimene sanandiuze n'chakuti geti limenelo limadzitseka lokha. Ndili wowerama ndikusesa, ndinangomva kuseri kwanga kuti khutchu. Ndinatsala mumsewu ndili ndi diresi yogonera, nsalu m'chiuno ndi masilipasi a mpongozi wanga, aakulu ngati mabwato. Pakhoma panali kabokosi ka mabatani ambirimbiri, koma safunsa anadya phula, sindinadziwe kodina. Ndiye ndinachita zimene munthu aliyense wanzeru amachita kwathu. Ndinatola mwala n'kuyamba kumenya geti, uku ndikuitana ndi mawu anga a pamsika.

"Iwe mwana! Tsegula kuno!"

Agalu a msewu wonse anayankha. Ndinamenyanso, mwamphamvu.

Geti la kutsidya linatseguka, ndipo galimoto inatuluka chafutambuyo mothamanga n'kudzaima pafupi nane. Anatsika bambo a galu aja, atavala buluku logonera popanda malaya, nsapato zopanda sokosi. Mayi wa maluwa uja anatulukira akuthamanga, m'dzanja muli kiyi, paphewa pali chikwama chachikulu. Kuchokera kumapeto kwa msewu kunkabwera mtsikana wina ali wefuwefu, thovu la mankhwala otsukira mano lili pakamwa.

"Zayamba nthawi yanji?" anandifunsa mtsikanayo. "Ndine namwino, mayi. Nsupa yasweka?"

Ine ndinayang'ana mwala umene unali m'manja mwanga. Mayi wa maluwa sanadikire yankho. Anatsegula kachitseko ka m'mbali mwa geti ndi kiyi wake, onse atatu n'kundipitirira ngati ndine mtengo. Ndinawatsatira ndikukwekwereza masilipasi.

Tinamupeza mwana wanga pakhonde, thaulo lili kumutu. Anayang'ana anthuwo, anayang'ana ine, anayang'ana mwala. Kenako anaseka mpaka anakhala pansi atagwira mimba, namwino akumuuza kuti asiye asanaziyambitse zenizeni.

Bambo aja ndi amene anandifotokozera, tonse titakhala m'khitchini tiyi ali pamoto. Anali atapangana kale kuti tsiku likafika mwana wanga adzaimba foni, koma foni ikadzavuta, adzangomenya geti. Galimoto ndi yawo, ndipo makiyi amagona nawo pansi pa pilo. Chikwama cha kuchipatala chimakhala kwa mayi wa maluwa pamodzi ndi kiyi. Namwino anasinthana ntchito ndi anzake kuti mwezi uno azigona pakhomo.

"Pepani, ndakudzutsani pachabe," ndinatero, manyazi atandigwira.

"Mwatithandiza, mayi," anatero mayi wa maluwa. "Taona kuti achimwenewa amaiwala kuvala malaya."

"Koma galimoto ndafika nayo poyamba," anayankha bambo aja. Kenako anatembenukira kwa ine. "Mayi, ine ndakhala mumsewu uno zaka zambiri, ndipo achemwali awa ndinkangowadziwa chipewa chawo chothirira maluwa. Mwana wanu atasamukira kuno anayenda geti ndi geti, kudzatipatsa moni. Ine ndinayesa wabwera kudzadandaula za galu. Mkazi wanga atamwalira, woyamba kulowa m'nyumba mwanga anali iyeyu, ndipo ndi amene anakagogodera ena onsewa."

"Tinamufunsa kuti khalidwe limeneli analitenga kuti," anawonjezera namwino, uku akumuyeza kuthamanga kwa magazi mwana wanga poti anali atabwera kale. "Anati mayi ake sangagone pamalo asanadziwe amene agona kuseri kwa khoma."

Ndinayang'ana mwana wanga. Iye anali atazyolika, akuseweretsa supuni, ngati wagwidwa akuba shuga. Zaka zonsezi ndinkayesa kuti ndikamalankhula zimalowera khutu ili n'kutulukira linali, poti sankayankha. Chonsecho ankasunga. Misozi inatsika pamaso pa alendo, ine amene sindinalire ngakhale tsiku limene katundu wanga anapsa pamsika.

Alendo atapita, mwana wanga anandifunsa monditola.

"Amayi, ndilongedze?"

"Ulongedze upite kuti, kusiya nyumba yako? Ungondiimbira zikayamba, ndipo anthu awa uziwapatsa tiyi wokwanira, osati madzi ofiira aja."

Bambo a galu aja anandiperekeza pa galimoto mpaka kokwerera mabasi, ulendo uno atavala bwinobwino. Ndinafika kwathu dzuwa likulowa, wailesi zikupikisana, ana akukuwa, mlamu wanga atanyamula kale kachikwama kake pakhomo. Ndinalowa kuchipinda. Amuna anga anayang'ana kumbuyo kwanga, kufuna kuona ngati pali wina akulowa. Pakamwa pawo pamavuta masiku ano, moti mawu amatuluka limodzilimodzi.

"Wa... musiya?"

Ndinakhala pabedi n'kugwira dzanja lawo labwinolo.

"Ndamusiya, bambo. Mwana wathu uja tinalera. Ali ndi anthu."